Phiri lili kuseri kwa nyumba koma ana anga ankalionera m'kope

Zinayamba ndi homuweki. Mwana wanga wachisamba ali Sitandade 6, nde tsiku lina madzulo ine ndili pakhonde kusenda mbatata iye ali pamphasa kuloweza za mayeso, mokweza ngati m'laliki wa pa msika wa Chitakale: phiri lalitali kuposa onse m'Malawi ndi la Mulanje, nsonga yake ndi Sapitwa, mamita 3002. Anabwereza kanayi konse. Kenako anangoti zii, kudzutsa mutu kuyang'ana phiri lomwelo lili pamaso pathupa, nkufunsa kuti, "Amayi, nde Sapitwayo ndi uti pamenepa?"

Ine ndinaloza. Ndinaloza ndi mpeni womwe ndimasendera mbatatawo, molimba mtima ngati ndinakafikako dzulo. Bambo ake amene amakonza tcheni cha njinga chapafupi anati ayi si kumeneko, nkuloza kwina. Tinayamba kutsutsana anthu akuluakulu awiri, tonse obadwira konkuno, mitchombo yathu inagwera m'munsi mwa phiri lomweli, ndipo mwana anangotiyang'ana uyu, kuyang'ana uyu, nkubwerera ku kope lake osanena kanthu. Abale inu manyazi ake ndinagona nawo.

Chifukwa tiyeni tinene zoona. Ife a kuno tikafuna kusangalatsa ana pa holide timatani? Timawaveka zovala za pa Khirisimasi, kukwera minibasi ya ku Limbe, maola awiri kupanikizana ndi matumba a nanazi, kukafika m'tauni kuwagulira ayisikirimu ndi tchipisi, adumphedumphe pa chibaluni chija mphindi makumi awiri, kujambulitsa pa foni, basi kubwerera ndalama ya mwezi yatha. Pamsewu womwewo timaphonyana ndi magalimoto a ku Blantyre odzaza ana, akuthamangira kuno, ku Likhubula. Iwo kusiya tauni kudzaona zathu, ife kusiya zathu kukaona simenti. Ine zimenezi ndachita zaka zambiri nde sindikunyoza munthu, ndikudzinena ndekha.

Kwa ife phirili silinakhalepo malo okasewerako. Ndi kokatola nkhuni, kokamweta udzu wofolera, komwe kumachokera madzi, komanso komwe kumachokera zoopsa. Zokwera phiri chabe popanda chokatenga timati nza azungu, anthu oti akhuta. Ndipo ndikamuona mlendo atabereka chikwama chachikulu akutuluka thukuta pa msewu wa ku Phalombe ndinkangoti koma anthu ena mavuto amachita kuwagula.

Nde nditanena kuti holide ya Ogasiti ndiwatenga anawa tikaone Dziwe la Nkhalamba, mathithi a pa mtsinje wa Likhubula m'phirimu, woyamba kukana anali mayi anga. Timakhala nawo bwalo limodzi, paja kuno mwamuna ndi amene amabwera. Anandiyang'ana nthawi yaitali nkuti, "Iwe, anawa akulakwira chani?" Akakwiya amasakaniza ndi Chilomwe nde theka la zomwe ananena anawo sanamve, mwamwayi. Koma zinali zomwe tonse tinakula tikumva. Kuti kuphiri kuli eni ake. Kuti ukapeza chakudya chokonzakonza, nthochi zakupsa kapena nsima ya utsi, umadya wekha osaitana mnzako, osatengako kupita nacho kumudzi. Kuti padziwe paja kale anthu ankaonapo nkhalamba ya imvi mbuu itakhala pamwala, ukayandikira yalowa m'madzi, nchifukwa chake dzinalo. Kuti dzina loti Sapitwa silinangobwera.

Ndipo ine sindingawaseke mayi anga. Munthu amene anaona za ku Phalombe mu 1991, miyala ikuluikulu ngati nyumba itatsika ndi madzi nkukwirira midzi, nkudzaonanso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, usiku womwe tonse tinagona chokhala tikumva phiri likulira ngati magalimoto a mchenga akutsitsa katundu, munthu ameneyo akamati Napolo sukuyenera kumuyankha ndi za m'buku. Mabala a Freddy mpaka pano amaoneka m'phirimu, mizere yoyera yotsika kuchokera pamwamba ngati chinachake chinakanda ndi zikhadabo. Komanso anthu anasowako ndithu kumtunda kuja, mlendo wina wa ku Brazil anafera komweko mu 2009 atakwera yekha opanda womuperekeza. Nde mantha awo ali ndi pogwira. Chomwe ndinawauza nchoti sitikupita ku Sapitwa, tikungofika m'munsi momwe amafika amayi a nkhuni tsiku ndi tsiku, nyengo ino si ya mvula, ndipo titenga munthu wodziwa njira. Anangoti, "Kaya zanu izo." Koma m'mawa wa ulendowo ndinapeza atawiritsa kale chinangwa ndi mazira asanu, atamanga bwinobwino mu kansalu.

Tinali anthu anayi, ine, wachisamba uja, mzime wanga wamkazi wa zaka 7, ndi mwana wa achemwali anga amene anabwera ku holide kuchokera ku Bangwe, mtsikana wa zaka 12 amene foni sichoka m'manja. Bambo awo anati ali ndi zochita, ine ndikuganiza ndi mawondo. M'chikwama munali chinangwa chija, mazira, mandasi, nthochi, Sobo wosungunula kale mu zigubu ziwiri, majuzi, chitenje chapadera ndi jumbo yopanda kanthu yoti tiikemo zinyalala zathu. Kuchoka pa Chitakale kukafika pa Likhubula ndi makilomita ngati 10 pa msewu wa ku Phalombe, tinakwera kabaza wa njinga zamoto ziwiri, ndipo tisanafike nkomwe mzime anali atayamba kale kukuwa poona Chambe, chimwala chija chimangoti njoo kuima chilili ngati khoma. Amachiona patali masiku onse koma pafupi chonchi chimachita ngati chikugwera.

Pa Likhubula pali ofesi ya za nkhalango, mumalembetsa ndi kulipira yolowera, ndipo pomwepo mpamene pamakhala anyamata operekeza alendo, magaidi ndi onyamula katundu, ali ndi bungwe lawo ndipo amapatsana mizere. Apa ndiulule tchimo langa. Mumtima ndinkati ine wa konkuno ndilipire munthu kuti andionetse phiri la kwathu? Ndinatsala pang'ono kunena kuti tipita tokha. Koma tinjira m'menemo ndi tambiri, ta nkhuni, ta makala, topita ku Chambe, topita ku Lichenya, ndipo paja safunsa anadya phula. Tinagwirizana mtengo ndi achimwene ena ochepa thupi, ovala nsapato zoti zinaona zambiri, ndipo pofika madzulo ndinaona kuti pa ndalama zonse zomwe ndinaononga tsiku limenelo imeneyi ndi imene inagwira ntchito.

Tisanayambe kukwera tinadutsa pa anyamata ogulitsa ziboliboli, ndodo zoyendera ndi timabokosi. Mzime anatola kabokosi kamodzi nkukanunkhiza, kenako maso tong'oo, "Amayi, kakununkhira ngati bokosi la agogo!" Mayi anga ali ndi bokosi lakale lathabwa momwe amasungamo zitenje za ku Mvano ndi mabuku a kuchipatala, ukalitsegula fungo lake limadzaza chipinda. Zaka zonsezi ine sindinaganizepo kuti ndi mtengo wanji. Achimwene aja anaseka nkuti umenewo ndi mkungudza, sida wa Mulanje, ndipo nkhani yake anatifotokozera tikuyenda.

Mtengo umenewu mwachilengedwe umamera pa phiri lino lokha dziko lonse lapansi, ndipo ndi mtengo wa fuko lathu, anaulengeza choncho nthawi ya Kamuzu mu 1984. Chiswe sichiudya, suola msanga, nchifukwa chake anthu anaukonda mpaka kuumaliza. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1927, koma kutetezedwa kwa papepala macheka sakuwerenga. Pamene akatswiri anakawerenga mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu yobereka njere isanu ndi iwiri yokha. Seveni, phiri lonseli. Panopa a Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi a za nkhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akufesa mbande m'manazale nkukabzala kumtunda, koma mtengowu umakula mochedwa ndipo moto wolusa wa m'chilimwe, uja amayatsa osaka mbewa ndi nyama, umapsereza timitengoto tisanafike pena paliponse. Wachisamba anafunsa ngati tiuone mtengowo lero. Anati ayi, umamera kumtunda kozizira, kuno kumunsi kulibe. Nde taganizani, mwana wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lonse kwawo nkomweku, koma akuudziwira pa kabokosi ka pamsika ndi bokosi la agogo ake. Kabokosiko sindinagule. Anyamatawo amati ndi zidutswa za mitengo yakufa kale, mwina nzoona, ine sindinafune kulowa nawo m'mlandu, ngakhale ndikudziwa kuti nawonso akusaka ya ufa.

Njira yake si yoopsa koma ndi yokwera. Munthu wamkulu woyenda bwino ola limodzi wafika, ife tinatenga pafupifupi awiri chifukwa mzime amaima pa chilichonse. Nyerere zanyamula chiwala, waima. Mwala wonyezimira, waima, wautola, waika m'thumba la diresi. Mitengo ya masuku ili mbwee m'njiramo, zipatso zikadali zaziwisi zolimba ngati miyala, achimwene aja anati mudzabwere Novembala mudzatola mpaka kutopa, mukapikisane ndi anyani. Ine poyamba ndinkamukalipira kuti tiye changu, kenako ndinadzifunsa kuti kodi tikuthamangira kuti, kuli basi yoti itisiya? Wa ku Bangwe uja netiweki itayamba kuvuta anakwiya kaye pang'ono, kenako foni inalowa m'thumba, nkuyamba kufunsa mayina a mitengo kuposa wina aliyense.

Tinakumana ndi amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni, mitolo yaitali kuposa chitseko, ena opanda nsapato, akutsika mothamanga timasitepe tating'onoting'ono chifukwa ukaima ndi katundu wotero mawondo amanjenjemera. Tinapatuka kuwapatsa njira. Mmodzi anatiyang'ana, kuyang'ana chikwama changa ndi zigubu za Sobo, nkuseka, "Koma ndiye mwasanduka azungutu amayi!" Tinaseka tonse koma mawuwo anandilasa penapake. Phiri lomwelo wina ndi ofesi yake yowawa, wina wabwera kudzadya mazira.

Chomwe anawa akuchikambabe mpaka lero si mathithi ayi. Ndi nanzikambe. Achimwene aja anangoima mwadzidzidzi nkutiuza kuti pa kanthambi aka pali chinthu, chipezeni. Tinayang'ana, kuyang'ana, ine ndikungoona masamba. Mphindi zingapo ndithu. Anayamba kumuona ndi mzime, nkukuwa kubisala kumbuyo kwanga, chifukwa tonse tinakula tikuuzidwa kuti nanzikambe akakuluma sasiya, ena amati akakulavulira umachita khungu. Ine ndemwe thupi linachita tsembwe. Koma iwo anathyola kamtengo nkumuika bwinobwino, iye nkumayenda muja amayendera, mwendo kutsogolo, kubwerera, kutsogolo, ngati akuganiza kaye ngati ulendowu ndi wofunikadi, diso limodzi likuyang'ana ife lina likuyang'ana kumwamba. Timanja take togawanika pawiri ngati kapanira. Anawauza anawo kuti alibe ululu uliwonse, amadya ntchentche ndi ziwala basi. Wachisamba analimba mtima nkugwira kamtengoko, dzanja likunjenjemera koma nkhope ikuseka. Ndipo pali chinthu china chomwe chinandisangalatsa. Pa phiri lino, cha ku nkhalango ya ku Ruo, kuli mtundu wina wa nanzikambe wosapezeka kwina kulikonse, ndipo dzina lake m'mabuku a sayansi a dziko lonse ndi Nadzikambia mlanjensis. Analitenga ku mawu athu omwewa a nadzikambe. Mwana wanga atamva anati nde kuti azungu akamaphunzira ku yunivesite amatchula Chichewa? Ndinati eya, ndipo mwina amachitchula mokhota.

Dziwe umayamba kulimva usanalione. Phokoso la madzi limakula pang'onopang'ono, mpweya nkusintha kukhala wozizira ngati watsegula fuliji, kenako mukangokhota mwafika. Madzi akutsika pa thanthwe oyera ngati thonje nkugwera mu dziwe lakuya, m'mbali owala moti umaona mchenga ndi timiyala pansi, koma chapakati pomwe amagwerapo ndi obiriwira mochita kuderako, osaoneka pansi. Kuzungulira ndi miyala ikuluikulu yosalala yoti mutha kuyalapo chitenje banja lonse. Ana atatu aja anangoti chilili, kukamwa yasa. Wa ku Bangwe ananena chapansipansi kuti, "Anti, zimenezi zili ku Malawi konkuno?" Ndinamuuza kuti madzi a mtsinje womwewu ena amayenda m'mapaipi mpaka ku Blantyre, mwina anawamwapo kale pa mpopi osadziwa kwawo kwake.

Kuzizira kwa madzi amenewo musachite kufunsa. Ndinangoviika phazi nkumva ngati mafupa alumidwa. Koma ana ndi ana, anavula nkulowa m'mbali mosaya mofika m'mawondo, kukuwa, kuthirana, kutuluka kukagona pa mwala wotentha ndi dzuwa ngati abuluzi, kubwereranso. Apa nde ndilankhule ngati mayi, mopanda nthabwala. Padziwe pamenepa anthu amamira, ndipo nkhani zake timazimva kawirikawiri, makamaka nyengo ya zikondwerero, achinyamata ndi ana a sukulu obwera pa ulendo. Pakati mpakuya kwambiri, madzi ozizira chonchi amagwira minofu olo munthu wodziwa kusambira, miyala yonyowa ndi yoterera ngati sopo, ndipo nthawi ya dzinja mvula itha kugwa kumtunda inu kuno kuli dzuwa, madzi nkungofika mwadzidzidzi. Achimwene aja anajambula malire ndi ndodo, kuti mwala uwu ndi uwo osapitirira, ndipo iwo anakhala pa mwala wapamwamba maso ali pa ana nthawi yonse. Ine sindinawerenge uthenga ndi umodzi womwe pa foni. Ngati mukudziwa kuti mukakafika mukatanganidwa ndi maselufi, bola anawo asalowe m'madzi nkomwe. Agogo akamati dziwe lili ndi mwini wake, ine pano ndimangovomera, chifukwa kaya ndi nkhalamba kaya ndi kuya kwa madzi, mwana amene akuopa pakati paja ndi amene amabwerako.

Tsoka laling'ono silinalephere. Patapata wa mzime, wa pinki, watsopano, anavuka nkuyamba ulendo wake. Tinangomuona akuzungulira kawiri, kudutsa pakati pa miyala iwiri, uyoo wapita. Mwana analira ngati kwagwa maliro, ndipo mchimwene wake m'malo momutonthoza anamuuza kuti nkhalamba yatenga, ikufuna winayo kuti ikhale ndi peyala. Kulira kunawirikiza kkkk. Ndinachita kung'amba kansalu ka mazira kaja nkumumanga kuphazi, ndipo potsika theka la njira anali pamsana pa achimwene aja. Phunziro ndinalitenga, kuphiri mwana avale nsapato zomanga olo zikhale zakutha.

Tikudya kunabwera gulu la anyamata ndi atsikana ochokera m'tauni, atanyamula sipika yaikulu ngati sutikesi ndi kuleti ya mowa. Sindikudana ndi chisangalalo cha eni ake, nanenso ndinali mtsikana. Koma munthu wayenda ola lathunthu kukwera phiri kudzafika pamalo pomwe madzi akuimba okha, nkuyatsa chinyimbo chomwe chija amamva ku bala dzulo? Mbalame zonse zinathawa. Ndipo m'mipata ya miyala tinapezamo mabotolo osweka, mapepala a tchipisi, ma jumbo, mpaka thewera la mwana lotaya. Wa ku Bangwe anatsala pang'ono kuponda galasi. Jumbo yathu ya zinyalala ija tinaidzaza ndi za anthu ena, ndipo sindinawatume anawo, anayamba okha ataona achimwene aja akutola. Chimene chimandipweteka nchoti zinyalala zimenezi si za alendo akunja, iwo amabweza ngakhale khoko la nthochi m'chikwama. Ndi zathu, ife eni dziko.

Pamenepo mpamene wachisamba anafunsa funso lake lija. "Ankolo, Sapitwa ali kuti?" Iwo anaseka nkuti kuno simungamuone, wabisala kuseri kwa mapiri enawa, chifukwa Mulanje si phiri limodzi, ndi mapiri ambiri atakhala pamwamba pa chithanthwe chimodzi chachikulu, pamwambapo pali madambo, mitsinje ndi tinyumba togona alendo, ku Chambe, ku Lichenya, ku Thuchila, ku Sombani ndi kwina. Ofuna Sapitwa ambiri amakagona pa kanyumba ka Chisepo nkulawirira m'mamawa, ndipo ndi ulendo wa masiku, osati wa ana a zaka 7. Koma ku Chambe, anati, mwana wa zaka 11 kapena 12 wolimba atha kufika, kugona usiku umodzi, kuotha moto, m'mawa nkuona mitambo ili pansi pa mapazi ake. Anawauzanso za mpikisano wa Porters Race umene umachitika chaka ndi chaka kuyambira pa Likhubula pomwepa, anthu kuthamanga kukwera mpaka kumtunda nkutsikanso, mtunda woposa makilomita 20, othamanga kwambiri amamaliza m'maola awiri ndi mphindi zochepa. Ife maola awiri tinali tikadali m'munsi kulimbana ndi nyerere.

Chakuma 2 koloko mitambo inayamba kutsika m'phiri ngati utsi, kamphepo kozizira nkuyamba, ndipo achimwene aja anangoti tiyeni, chiperoni ichi. Ife a kuno timachidziwa, kamvula kowaza kaja kochokera cha ku Mozambique, kumene kuli phiri la Chiperone lomwe linapereka dzinalo. Pakhomo chimangokhala chovutitsa zochapa, koma m'phiri chimatseka njira moti munthu wa patsogolo pako sumuona. Majuzi aja anagwira ntchito. Tinafika pa Likhubula tanyowa pang'ono, miyendo ikunjenjemera, mzime ali ndi patapata mmodzi ndi thumba lodzaza miyala.

Chichokereni tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga malo ena omwe tili nawo pafupi oti ana nkukapitidwako mphepo, ndipo alipo ambiri kuposa momwe ndinkaganizira. Minda ya tiyi yomweyi timaidutsa pa minibasi tikugona. Tiyi wa kuno anayamba kubzalidwa cha m'ma 1890, ku Lauderdale, koma ana anga ankamwa tiyi m'mawa uliwonse osadziwa kuti amathyola timasamba tiwiri ndi kansonga kokha. Loweruka lina tinangoyenda wapansi m'mphepete mwa munda wina madzulo, osalipira kanthu, kungopempha kwa alonda. Ku Thyolo kuli Satemwa, esiteti yomwe inayamba mu 1923, amalandira alendo kukaona minda ndi kulawa tiyi wamitundumitundu, ndipo m'tinkhalango totsala cha kumeneko muli kambalame kosowa kwambiri komwe m'mabuku amakatchula ndi dzina la Thyolo lomwelo, Thyolo alethe, anthu amachoka kunja kudzakafuna ndi makamera. Ku Bvumbwe kuli Game Haven, komwe mwana atha kuona mbidzi ndi nyamalikiti maso ndi maso osati pa katuni, kungoti kumeneko konzekerani thumba, si kwa tsiku lililonse. Amene ali ndi galimoto ndi mphamvu atha kutsikira ku Chikwawa ku Majete kukaona njovu. Koma ine ndimati yambani ndi zomwe kabaza angakufikitseni.

Vuto lomwe ndaliona ndi loti malo ambiriwa sanakonzedwe poganizira mayi wa pa Chitakale kapena pa Luchenza amene ali ndi ana atatu ndi ndalama yochepa. Zimbudzi zosowa, pokhala pamthunzi pochepa, zikwangwani zofotokoza mitengo ndi nyama m'Chichewa kulibe, mitengo ya zakudya m'malo ogona alendo ndi ya anthu olandira madola. Ndipo masukulu athu akati ulendo wa maphunziro maganizo amathamangira ku nyanja kapena ku eyapoti ya Chileka kukaona ndege, zabwino ndithu, koma mwana yemweyo sanafikepo pa mathithi omwe ali makilomita 10 kuchoka pa kalasi yake. Mu Julayi 2025 tinamva pa wailesi kuti UNESCO yaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo chomwe anatchula kwambiri si kutalika kwake ayi, koma chikhalidwe, zikhulupiriro ndi miyambo ya anthu ozungulira phirili, Alomwe, Ayao ndi Amang'anja. Kunena kwina, nkhani zomwe zija amakamba mayi anga pamoto, zomwe ife ophunzira pang'ono timati nzachikale. Ndinaseka ndekha. Nkhani za agogo zafika ku Paris, kulikulu la UNESCO, koma zidzukulu zawo zikuloweza 3002 basi.

Titafika kunyumba madzulo aja tinapeza agogo atakhala pakhonde maso ali kumsewu, ndipo ndikudziwa kuti anakhala pamenepo tsiku lonse ngakhale anakana. Anawawerenga anawo ndi maso, mmodzi, awiri, atatu, kenako nkufunsa za patapata. Mzime anafotokoza zonse mopuma pakati, za nanzikambe, za madzi, za nkhalamba yoba nsapato, kenako anawakoka dzanja kulowa nawo kuchipinda kuti atsegule bokosi lija. Analitsegula, ana atatu nkulowetsamo mitu kununkhiza ngati ana a mbuzi pa mkaka. Apo mpamene mayi anga ananena chinthu chomwe ine mwana wawo sindinamvepo zaka zonsezi, kuti matabwa a bokosilo anatsika nawo pamutu ndi malemu bambo anga kuchokera ku Chambe, nthawi imeneyo akugwira ganyu yonyamula matabwa asanandibereke, ndipo iwowo ali mtsikana ankapita kukawachingamira pa Dziwe la Nkhalamba pomwepo atanyamula chigubu cha thobwa.

"Nde agogo munafikako?" anafunsa wachisamba.

"Kambirimbiri."

"Nanga bwanji mumatiletsa?"

"Chifukwa ndinafikako."

Mnyamatayo sanagonje. Anawatulutsa panja, kunja kukuchita kachisisira, mitambo itayamba kuyera pamwamba pa phiri, nkuwauza kuti aweruze mlandu, amayi analoza uku, adadi analoza uku, wolondola ndani. Agogo anafunsa kuti analoza ndi chani. Iye anati adadi ndi chala, amayi ndi mpeni.

"Ndi mpeni?!"

Ananditembenukira ine, mayi wa ana awiri wa zaka zopitirira 40, nkundikalipira pamaso pa ana anga ngati ndaswa mbale ya alendo. Akuti Sapitwa salozedwa ndi chala, nanji mpeni. Atamaliza anakweza chibwano nkutosa milomo cha kumtunda, pakati penipeni pa pomwe ndinaloza ine ndi pomwe analoza bambo awo, nkulowa m'nyumba kukatenga ufa.

Wachisamba wayamba kale kusunga makobidi m'chitini cha Blue Band, akuti za ku Chambe chaka chamawa, ndipo walemba mayina a opita pa chikuto cha kope la Social. Dzina la bambo ake analilemba ndi pensulo.